Malume Wopezeka Padooko

Kalekale, nyanja ya Chilwa isanaphunzire khalidwe loipa lomauma, padali Sakhwi. Yankhani kuti tili tonse, inu a kumbuyoko, osamangoyasamula. Ehee, tsopano.

Nyanja ya masiku amenewo si kathawale mukuona leroka ayi. Nsomba zinali zothinana moti ukazika nkhafi m'madzi inkaima yokha njo, osagwa. Mlamba umodzi unkadyetsa maliro onse, ndevu zake n'kumangira denga. Udzudzu uwiri wokha unkanyamula mbuzi n'kukaidyera mumtengo. Amene akuti ndikunama atuluke, akafunse agogo ake kumanda.

Sakhwi mukumudziwa: kanthu kochepa, timiyendo ngati udzu wa tsache, mphuno yaitali yosakhazikika. Anakwatira chikamwini kumudzi kwa mkazi wake Nankhoma, ndipo anali ndi ana atatu. Wachisamba anali mtsikana, Ndaziona. Wotsatira anali Kamtedza, mnyamata wa makutu ongokongoletsa mutu. Wotsiriza anali Mwatitha, kamene kanali kasanasiye kuyamwa chala.

Tsiku lina kumunda ana analira mpaka mbalame kusamuka. Pofuna kuti akhale chete, Sakhwi anangotaya mawu.

"Mukatonthola, tikakolola tidzakwera bwato kukagona pachilumba. Mudzawedza nokha, mudzawotcha nokha, mudzadya nsomba mpaka michombo kutuluka."

Iye anaiwala tsiku lomwelo. Ana sanaiwale. Popalira, "Ababa, chilumba." Pobandira, "Ababa, chilumba." Ngakhale bambo wa anthu atakhala kuseri kwa chitsamba pa zifukwa zake, ankangomva kamawu m'masamba, "Ababa, chilumba."

Atakolola, Sakhwi anagonja. Anamata ming'alu ya bwato, nakonza mbedza ndi miono. Nankhoma anadzaza dengu ndi kamba wa paulendo: zitumbuwa, mbatata yophika, mtedza wokazinga, chigumu chachikulu ngati mphero, ndi chipanda cha thobwa. Fungo lake linayenda ndi mphepo, linakwera phiri la Chikala, n'kukalowa m'mphuno mwa a Nguluwe amene anali mtulo.

Banja lija likulongedza padooko, linangomva pansi gugudu gugudu. Ndi a Nguluwe, thukuta kamukamu, mimba ikukwekwereza m'fumbi.

"Zikomo eni ulendo, zikomo! Kodi mayi, ndifunse nawo, mfunda wanu ndani?"

Pakamwa pankafunsa mayi, koma maso anali padengu.

"Ndine Nankhoma."

"Nankhoma! Mayo ine! Mlongo wanga!" A Nguluwe anadzigwetsa pansi khu, nayamba kugubuduka. "Ine ndine Nkhoma weniweni wa kuphiri. Agogo ako ndi agogo anga anayamwa bere limodzi, wina uku wina uku. Ana awa ndi ako? Bwerani kuno, adzukulu anga, mupereke moni kwa malume wanu!"

Sakhwi anayang'ana a Nguluwe, nayang'ana mkazi wake, nayang'ananso a Nguluwe. Kufanana kwake kunali kwakuti onse anali ndi maso awiri.

"Pepanitu alamu," anatero Sakhwi, "pachinkhoswe chathu sindinakuoneni."

"Ndinatupa mwendo, mlamu. Ndinalira sabata yonse."

Sakhwi anakokera mkazi wake pambali. "Nankhoma, m'bale wako ameneyu ukumudziwa?"

"Sindinamuonepo chibadwire. Koma bambo a Ndaziona, wa mfunda wako sakanidwa pagulu. Taonani a Tsekwe ndi a Kakowa akutiyang'ana. Mawa dziko lonse limva kuti Nankhoma anathamangitsa mlongo wake chifukwa cha zitumbuwa."

Inu ana, mverani pano. Kwathu kuno malume ndiye mwinimbumba. Mkamwini ndi tambala wobwereka: amalira pakhomo, koma khola si lake. Ndiye pamene a Nguluwe anati, "Adzukulu anga sangawoloke nyanja popanda mwinimbumba," Sakhwi anangowagwirira bwato.

Musandifunse kuti nguluwe inakwana bwanji m'bwato la sakhwi. Inakwana. Bwato linalira ngati nkhalamba yodzuka pamphasa, madzi n'kufika m'milomo mwenimweni. Nankhoma anayamba kukapa madzi asanachoke n'komwe padooko.

Anapalasa, anapalasa. Asanapitirire ngakhale bango loyamba, Kamtedza anafunsa, "Ababa, tafika?"

"Sitinafike."

"Amayi, Kamtedza wandiponda mchira!" anakuwa Ndaziona.

"Mchira wake ndi umene wabwera pansi pa phazi langa!"

"Ababa, tafika?"

"Ndikufuna kukodza," kanatero Mwatitha.

"Si ndinakufunsa padooko paja?" anatero Nankhoma.

"Pajapo sunabwere."

A Nguluwe nawo anali gwa, ziboda zonse zitakakamira m'mbali mwa bwato. Kafunde kakangogunda, maso tong'o.

"Mlamu, pano m'pozama bwanji?"

"Ndithu ndithu, alamu."

"Palasa bwino. Kwathu kuphiri madzi timawadziwa a m'chikho basi."

Koma mantha a m'mutu safika m'mimba. Posakhalitsa mphuno ya a Nguluwe inavundukula dengu.

"Mlongo, chakudya cha paulendo amayamba kulawa ndi malume, kuopera ana kutsegula m'mimba. Mwinimbumba ndine. Kapena ndanama, mlamu?"

"Simunaname, alamu."

Analawa chitumbuwa chimodzi, nati sichinamveke bwino. Analawa china, nati lilime likadali mtulo. Analawa, analawa, zitumbuwa psiti.

"Zinali ndi mafuta ambiri. Ndawapulumutsa anawa. Mbatatayi nayo imadzaza mpweya, m'bwato muno muli anthu. Mwinimbumba ndine. Kapena ndanama, mlamu?"

"Simunaname, alamu."

Mbatata psiti. Mtedza kukutu kukutu, ndi makoko omwe, psiti. Chigumu chija anachipinda pawiri ngati nsalu n'kuchiponya kukhosi. Thobwa anapendeketsa chipanda, kholingo likukwera ndi kutsika, mpaka chipanda chinalira ngati ng'oma. Atatero anageya, ndipo kugeya kwake kunakankha bwato mtunda umene Sakhwi akanapalasa mpaka dzuwa kupendeka. Ubwino wa a Nguluwe pa ulendo wonsewo unali umenewo basi.

Anafika pachilumba dzuwa lili pamutu. Kanali kachilumba ka miyala, ka mtengo umodzi, kozunguliridwa ndi udzu wa m'madzi wotchedwa njedza. Ana anaiwala njala, nalumphira kumtunda akukuwa. Sakhwi anadula bango n'kumanga msasa, Nankhoma anasonkha moto, Ndaziona anatola nkhuni, Kamtedza anagwera m'matope, Mwatitha anadya mchenga. A Nguluwe anagona chagada pamthunzi n'kumalangiza.

"Msasawo wapendama, mlamu. Kwathu mkamwini womanga chonchi timamubweza."

Sakhwi anakatchera miono yake m'bango, kenaka anakhazika ana pamwala, aliyense ndi mbedza yake. Ndaziona anakoka nsomba yonenepa ya makumba. Kamtedza anayamba wakola khutu lake lomwe, kenaka anakola mlamba. Mwatitha anawedza katemba kamodzi, kochepa ngati tsamba la bwemba, ndipo anakafungatira pamtima n'kukapatsa dzina.

Nsomba zija zinapita pamakala. Mafuta anayamba kulira tswii, tswii. Ana anazungulira moto, malovu chuchuchu. Pomwepo mthunzi unagwa pamoto.

"Imani kaye, adzukulu. Amayi anu sanakuphunzitseni? Mwana sadya mutu wa nsomba, amakula wogona m'kalasi ya moyo, wosamva za akulu." Mitu psiti. "Mwana sadya mchira, amakula woyendayenda." Michira psiti. "Pakati apa ndiye poopsa, pali minga. Ine mdzukulu wanga atsamwe ndikuona? Mwinimbumba ndine. Kapena ndanama, mlamu?"

A Nguluwe sanadikire yankho. Ananyambita ndi makala omwe, natolanso katemba ka Mwatitha n'kukaponya m'kamwa ngati njere ya mpiru.

Mwatitha sanakuwe. Anangotulutsa chala m'kamwa, nayang'ana bambo ake, misozi ili mbwembwembwe.

"Ababa, munati tidzadya."

Mawu amenewo anamulasa Sakhwi kuposa minga yonse ya m'nyanja. Dengu linali mbee. Kumudzi kunali kutali. Zotsala zinali nsomba za m'miono basi, ndipo akangozivuula a Nguluwe ali pompo, ana agona ndi njala pakati pa nyanja yodzaza nsomba.

Nankhoma anamunong'oneza, "Bambo a Ndaziona, mlongo ameneyu ndamukana."

"Wamukana mochedwa. Pokana panali padooko."

"Ndiye mungokhala? Mukankhireni m'madzi!"

"Ine? Ndikankhe chiyani, chiboda?"

Sakhwi anakhala pamwala, mphuno ikugwedera uku ndi uku. Ikatero mphuno ya sakhwi, dziwani kuti m'mutu mukuphikidwa kanthu. Maso ake anagwera pa kanyumba ka udzu kamene kanali m'mphepete mwa chilumba.

Inu a kumtunda simungadziwe. Pa Chilwa njedza imalukana mizu n'kupanga chiphasa chochindikala choyandama pamadzi. Ukachiona umati ndi nthaka, ndi udzu womera bwinobwino. Asodzi amachipondaponda, n'kumangapo kanyumba kogona akakhala kunyanja, kamene amati chimbowela. Kuti mphepo isachitenge, amachibaya ndi nsungwi zazitali zofika m'matope a pansi. Chimene anaona Sakhwi chinali chosiyidwa ndi asodzi, chogundana ndi miyala ya chilumba, chokhomedwa ndi nsungwi zitatu.

Sakhwi anakwera bwato mwakachetechete, nazungulira kuseri kwa bango. Anatenga mono umodzi wa timatemba, naumangirira ndi luzi ku nsungwi yoyamba, pansi pa madzi. Wina, wa kamlamba kamodzi ndi nkhanu yaikulu yamkwiyo, anaumangirira ku nsungwi yachiwiri. Yachitatu anaisiya momwemo. Miono yodzaza anaisiya m'bango momwe inali. Atatero anabwerera, nakagwada pamaso pa a Nguluwe, akuwomba m'manja mwaulemu.

"Alamu, manyazi andigwira. Mwinimbumba wathunthu kugona pamiyala ngati gulo, utsi m'maso, ana akukudumphani pamimba? Kuno kunyanja wamkulu amakhala m'nyumba yakeyake, chakudya chimamutsata komweko. Nyumba yanu ndi iyo apo."

A Nguluwe anatukula mutu. "Tsopano wayamba kulankhula ngati munthu wolera ana a eni. Ndimati ndikuchotse pamudzi paja, koma ndiganizanso."

Anayenda monyang'wa, nachoka pamwala n'kuponda panjedza. Pansi panavomera nyomi, nyomi.

"Aaa! Nthaka ya kuno ndi yofewa ngati mimba ya wakhuta! Mlongo, bwanji sunandiuze kale? Ndikhala kuno mwezi wathunthu."

Analowa m'kanyumba kaja n'kudzitaya. Koma khutu limodzi linatsalira panja, lili njo. Sakhwi analiona. Anaima pamwala wapafupi ndi mkazi wake, nayamba kunong'ona kunong'ona kwake komveka mpaka ku Zomba.

"Nankhoma, usauze ana. Miono ya nsomba zonona ija ndaibisa pansi pa madzi, ndaimangirira ku nsungwi za panyumba ya alamu. Pamenepo sangaganizepo. Akagona tikazule mwakachetechete, ana adye."

Nankhoma anali mkazi wa Sakhwi zaka zambiri, sanafune kumasuliridwa. "Nanga chimlamba chija, chonga mwana wa ng'ombe?"

"Chili ku nsungwi ya kumadzi uko. Chimenecho alamu asachione, angafe nacho."

Khutu lija linalowa m'nyumba pang'onopang'ono.

"Kamkamwini aka!" a Nguluwe anadziguguda. "Kubisira mwinimbumba chakudya pakhomo pake pomwe! Lero kaona."

Banja lija litabwerera kumsasa, a Nguluwe anatuluka chokwawa. Analuma nsungwi yoyamba, nagwedeza, nakoka. Inazuka fwuu, ndipo kumapeto kwake kunali mono, timatemba tili phiriphiri. Anauphwanya ndi mano n'kumeza zonse, natayira nsungwi m'madzi.

Anapita pa yachiwiri. Anagwedeza, nakoka, fwuu! Mono wina. Analowetsa mphuno mwachangu, nkhanu n'kuwalandira ndi manja awiri, gwi! A Nguluwe anavina chopanda ng'oma, koma kukuwa sanakuwe, kuopa kuti mlamu angamve. Anameza kamlamba, nameza ndi nkhanu yomwe chifukwa cha mkwiyo, nataya nsungwi kutali.

"Zing'onozing'ono zatha. Tsopano mwana wa ng'ombe."

Nsungwi yachitatu inali yozikika kwambiri. Analuma, nakoka, osatheka. "Kulemera kumeneku ndi nsomba," anatero, malovu akutsika. Anaponda mwamphamvu, matako m'mwamba, kamchira kali njo, mitsempha ya m'khosi ngati zingwe za mlatho. Anakoka, anakoka, anakokanso. Fwuuu! A Nguluwe chagada, phi! Kumapeto kwa nsungwi kunali matope ndi nkhono imodzi yodabwa.

"Wabodza! Mkamwini wabodza!" Anaithyola pakati n'kuiponya m'nyanja.

Nthawi imeneyo n'kuti mwera utayamba kuwomba, monga umachitira dzuwa likapendeka. A Nguluwe anadzuka kuti akamukalipire mlamu wawo. Atafika pamene panali mwala, anapeza madzi. Anatikita m'maso. Mtengo uja, msasa uja, moto uja, zonse zinali kubwerera m'mbuyo mwaulemu.

"Mlamu! Iwe mlamu! Chilumba chanu chikuchoka!"

Sakhwi anabwera pamwala, manja kumbuyo. "Mwati bwanji, alamu?"

"Chilumba chikuthawa! Chigwireni!"

"Ife tili pomwe tinali, alamu. Kodi kapena mwazula nsungwi?"

"Inazuka yokha!"

"Zonse zitatu?"

"Usandifunse milandu! Nthaka imayenda kodi? Ndi ufiti wanji umenewu? Bwera ndi bwato!"

"Bwato lothonya la mkamwini, inu muli ndi nyumba yoyenda yokha? Anthu angandiseke. Koma ngati mwafulumira, dumphani musambire."

A Nguluwe anasuzumira m'madzi. "Pamenepa m'pozama bwanji?"

"Agogo anga anaponyapo mwala ali mnyamata. Mpaka lero tikudikira kumva kugunda."

Kunena zoona, pamalo amenewo madzi akanawalekeza a Nguluwe m'mimba. Kakowa ankayendapo osanyowetsa nthenga. Koma wa kuphiri adziwa bwanji? Anabwerera pakati pa chiphasa n'kukumbatira kanyumba.

"Mlongo! Nankhoma! Magazi amodzi ife! Ulankhule naye mwamuna wakoyu!"

Nankhoma anaika manja kukamwa. "Achimwene, muyende bwino! Mukapereke moni kwa a Nkhoma onse a kutsidyako!"

"Amayi, malume akupita kuti?" anafunsa Ndaziona.

"Akukayendera mbumba ina, mwanangu. Ali nayo yambiri."

"Abweranso?"

"Mphepo ikawakonda, ayi."

Ana anaimirira pamwala n'kumabayibitsa. A Nguluwe anachepa ngati mbuzi, anachepa ngati khoswe, anachepa ngati nsabwe, mawu okha akumvekabe, "Mwinimbumba ndineee!" Anayandama mpaka ndevu zinamera, zinachita imvi, zinathothoka. Mbalame zinaikira mazira pamsana pawo, ana n'kuswa, n'kuuluka, n'kubweranso kudzaikira awo. Pamene chiphasa chinakagunda kutsidya, anatsika n'kuthamanga osacheuka. N'chifukwa chake mpaka lero nguluwe ikafika pamalo imayamba yafukula pansi ndi mphuno. Inu mumati ikufuna chinangwa. Ayi, ikufuna ione ngati pansipo palibe madzi.

Kuchilumba kuja Sakhwi anakavuula miono yeniyeni. Inatuluka yolemera moti bwato linabwerera chokwawa. Ana anaponyanso mbedza, aliyense nakola yake, ndipo Mwatitha anakoka mlamba womuposa msinkhu, umene unatsala pang'ono kumuwedza iyeyo. Nankhoma anakoleza moto waukulu. Anatumbula, anathira mchere, anayala pamakala. Utsi wake unanona moti mitambo imene inadutsa pamenepo inakagwetsa msuzi ku Phalombe.

Anakhala mozungulira, nsomba zili mulu pamasamba. Pamwamba pa mulu panali mlamba wa Mwatitha, wonona kuposa yonse, mafuta akuchita kuyenderera. Sakhwi anauyang'ana. Anakumbukira kupalasa kuja, kumanga msasa kuja, nzeru zija. Anakonza kukhosi, natambasula dzanja.

"Ana inu, mlamba waukulu chonchi si wa ana. Umalotetsa zoopsa. Bambo ndiye amene..."

Ana atatu aja anasiya kutafuna. Anayang'anana. Kamtedza anapukuta pakamwa, nagwada bwinobwino, nawomba m'manja mwaulemu monga anaonera.

"Ababa, manyazi atigwira. Munthu wamkulu ngati inu kudyera pamiyala, utsi m'maso? Kuseri uko taonako kanyumba kena."

"Kofewa," anawonjezera Ndaziona.

"Ka nsungwi," kanatero Mwatitha, chala chili m'kamwa.

Nankhoma anaseka mpaka kugwa chagada. Dzanja la Sakhwi linaima m'malere, linakhota pang'onopang'ono, n'kukatola katemba kouma ka m'mphepete.

"Ndimangofuna ndione ngati wapsa," anatero. "Wapsa. Idya, Mwatitha."

Anadya ana aja mpaka michombo inatuluka ngati zikonyo za maungu, ndipo pogona m'msasa Sakhwi anadzimangirira mwendo ku mtengo, kuti mwina mwake.

Ndiye inu akuluakulu amene mukuseka kwambiri apo, msampha wotchera ana akuona umakhala ndi eni ake awiri. Ndipo inu ana, mukamva nkhaniyi musayambe kuyang'ana mbale za abambo anu ndi diso limenelo. Nthano yafika padooko, tsikani. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule, ndipo ayambe wabweretsa kuno ndilawe, kuopera inu kutsegula m'mimba.